ZA UMOYO WATHU: KODI KUTHAMANGA KWA MAGAZI NDI NTHENDA YA MTUNDU?



Mlungu uno Akonzi andipatsira kalata yochokera ku Wallacedene, pafupi ndi Kraaifontein, m'mbali mwa mzinda wa Cape Town. Mwini kalatayo ndi bambo wa ku Mangochi, wa zaka 44, amene agwira nchito m'minda ya mphesa cha ku Stellenbosch, ndipo wapempha kuti dzina lake lisatuluke m'nyuzi muno. Iye ati adapita ku kiliniki chifukwa cha chifuwa, koma anesi atam'manga lamba pa mkono adamuuza kuti magazi ake alikuthamanga, nam'patsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku. Pofika kunyumba, anzake ogona nawo adam'seka, nati, "Iwe usadzibvute. Nthenda imeneyi nja ife anthu akuda, iri m'magazi mwathu chibadwire. Umwe mankhwala, usamwe, n'chimodzimodzi." Tsono bamboyo afunsa mafunso awiri. Loyamba: ngati nthendayi nja mtundu, alekerenji mchere ndi kumangomwa mapiritsi moyo wake wonse? Lachiwiri: ngati iridi ya mtundu, bwanji agogo ake kumudzi adakalamba kufikira kuyendera ndodo osaimvapo?

Achita bwino kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Yankho langa ndiyamba nalo, kuti amene alibe nthawi yowerenga zonse apite nalo. Mtundu uli nayo mbali yake pa nthenda iyi, koma suli mwini nkhani. Uli ngati udzu wouma wa m'mwezi wa October: ukhoza kupsa msanga, inde, koma suyaka wokha, pafunika woponyapo moto. Moto wake ndiwo madyedwe ndi makhalidwe a moyo wa m'tauni, ndipo moto umenewo munthu akhoza kuuzima.

NTHENDA YAKE NJOTANI?

Kwathu tiitcha kuthamanga kwa magazi, ena angoti BP, ndipo anzathu Achixhosa a ku Wallacedene aitcha hayihayi. Dzina lathuli linyenga pang'ono, chifukwa bvuto si liwiro la magazi iai, koma mphamvu imene magaziwo akankha nayo mitsempha. Inu ogwira nchito m'minda mudziwa paipi yothirira. Madzi akachuluka mphamvu, paipiyo iuma gwa, pampu itopa, ndipo tsiku lina paipi iphulika pamene pali pofooka. Mtima ndiyo pampu, mitsempha ndiyo mapaipi. Mtsempha ukaphulika kapena kutsekeka mu ubongo, munthu agwa, kamwa ipotoka, mkono ndi mwendo za mbali imodzi zifa; iyi ndiyo sitiroko. Pena mtima ukula ndi kulefuka, miyendo itupa, mpweya ubanika. Pena impso zileka kusefa, pena maso achita khungu.

Anesi akakuyezani akuuzani manambala awiri. Yapamwamba ndiyo mphamvu ya magazi pamene mtima ufinya, yapansi ndiyo pamene mtima upuma. Akakuyezani masiku osiyana, inu mutakhala pansi ndi kupuma, napeza kuti yapamwamba ifika 140 kapena yapansi ifika 90, ndiye kuti nthendayo muli nayo. Choopsa chake n'chakuti siipweteka. Munthu akhoza kusenza matumba a simenti zaka khumi, osamva mutu kapena chizungulire, m'kati zinthu zirikuonongeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE ADAPEZA MADOTOLO AKALE

Tsono tibwere ku funso la mtundu. Ngati nthenda iri ya mtundu, iyenera kuoneka pa mtunduwo kuli konse, ndiponso nthawi zonse. Tiyeni tione ngati ziri tero.

M'chaka cha 1929 dotolo wina Mngelezi, dzina lake Donnison, amene adagwira nchito ku Kenya kufupi ndi nyanja ya Victoria, adalemba zimene adaona m'nyuzi ya madotolo yotchedwa The Lancet. Iye adayeza amuna 1,000 a m'midzi, napeza kuti magazi ao sanali kukwera pokalamba monga achitira a Azungu a ku Ulaya. Ndiponso mwa odwala pafupifupi 1,800 amene adagonekedwa m'chipatala chake pa zaka ziwiri, sadapezemo ndi mmodzi yemwe wa nthenda iyi. Masiku amenewo madotolo anali kuphunzitsana kuti kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya Azungu, ndi kuti munthu wakuda siim'gwira. Lero anthu anena zotembenuza, kuti nja anthu akuda. Zonse ziwiri sizingakhale zoona.

Patapita zaka zoposa 50, madotolo ena adabwerera ku dera lomwelo la kumadzulo kwa Kenya, natsatira anthu a mtundu wa Aluo amene anali kuchoka m'midzi kunka ku Nairobi kukafuna nchito, monga momwe ife tichokera ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Machinga kudza kuno. Zotsatira zake zidatuluka mu 1990. Adapeza kuti pa miyezi yoyamba yeniyeni ya m'tauni, magazi a anthuwo anali atakwera kale kuposa a abale ao otsala kumudzi. Thupi linali litayamba kulemera, ndipo mkodzo wao udaonetsa kuti alikudya mchere wambiri ndi masamba ochepa. Mtundu sudasinthe pa basi ya ku Nairobi. Chidasintha n'chimene chinali m'mbale.

Kuno ku South Africa nkhani nja imodzimodzi. Professor Seedat wa ku Durban, poyeza Azulu, adapeza kuti m'tauni munthu mmodzi mwa anai ali onse anali nayo nthendayi, koma kumidzi anali ngati mmodzi mwa khumi. Ndipo umboni wa pafupi ndi inu a ku Wallacedene ndi uwu. Mu 1990 ofufuza adayeza anthu akuda a m'malokesheni a Cape Town, napeza kuti mwa anthu 100 a zaka 25 kufikira 64, pafupifupi 22 anali ndi nthendayi. Atayezanso m'zaka za 2008 ndi 2009 ku Langa, Gugulethu, Nyanga, Crossroads ndi Khayelitsha, nambala ija inali itafika pafupifupi 36. Ndifunse anzake a bambo wathu uja: kodi mtundu wa anthu usandulika pa zaka 18 zokha?

TSIDYA LA NYANJA

Mbiri yakuti nthendayi nja anthu akuda idachokera makamaka ku America, kumene kuli koona kuti anthu akuda adwala nayo kwambiri kuposa Azungu a konko, iwayamba msanga, ndipo iwapha ambiri. Koma dotolo wina wa ku Chicago, Richard Cooper, pamodzi ndi anzake, adaganiza zokayeza mbumba yonse, ndiye kuti a ku West Africa kumene makolo a anthuwo adagwidwa ukapolo, a pa zisumbu za Caribbean, ndi a ku America komweko. Mu 1997 adalengeza kuti mwa anthu 100, ku West Africa odwala anali 16, ku Caribbean 26, ku America 33. Anthu a muzu umodzi, koma nthenda irikukwera potsata kunenepa ndi mchere wa dziko limene akhalamo.

Mu 2005 Cooper yemweyo adaika pamodzi ziwerengero za maiko ambiri, za akuda ndi za Azungu. Mwa akuda, otsika anali a ku Nigeria, 14 pa 100, ndipo okwera anali a ku America, 44. Koma mwa Azungu, a ku Germany adafika 55 pa 100, kuposa anthu akuda a dziko liri lonse limene adawerenga. Nalonso Boma la South Africa, pa kuyeza kwake kwa dziko lonse mu 2016, lidapeza akazi 46 ndi amuna 44 mwa 100 ali ndi nthendayi, ndipo amene anali pamwamba sanali anthu akuda iai, koma Azungu ndi anthu amene kuno atchedwa Makaladi. Kunena zoona, mwa Azungu a kuno muli okalamba ambiri, ndipo nthendayi ikonda ukalamba. Komabe ziwerengerozi zikwanira kutionetsa kuti palibe khungu limene nthendayi iliopa.

PHUNZIRO LA KU MIGODI

Ife ana ndi adzukulu a anthu a Wenela tiyenera kuchenjera tikamva mau akuti "nthenda ya mtundu wanu," chifukwa makolo athu adawamvapo kale. Pa chiyambi cha migodi ya golide ya ku Johannesburg, amuna ochokera ku maiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, anali kufa ndi chibayo mochititsa mantha, kotero kuti mu 1913 Boma lidaletsa kulemba anthu a kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Ambiri adati matupi a anthu a kumpoto ngofooka chibadwire. Chaka chomwecho eni migodi adaitana dotolo wa ku America, William Gorgas, amene adatchuka pogonjetsa matenda pokumba ngalande ya Panama. Iye atayendera makomponi, adalemba mu 1914 kuti anthu alikugona mothithikana kwambiri m'zipinda, ndi kuti chakudya chao n'chosakwanira. Kunali koona kuti mlendo wofika kumene thupi lake linali lisanazolowere tizirombo ta kumaloko, koma chimene chinali kusandutsa kusazolowerako kukhala maliro chinali chipinda ndi mbale. Malo ogona ndi chakudya zitakonzedwako, ndi mankhwala atsopano atafika, imfa zidachepa, ndipo m'zaka za m'ma 1930 chiletso chija chidachotsedwa. Anthu anali omwewo.

PAMENE CHIBADWA CHILI NDI MBALI

Koma ndisakunamizeni kuti chibadwa chilibe kanthu. Pali zinthu zinai zimene madotolo atsimikiza, ndipo munthu wanzeru azidziwe.

Choyamba ndi banja. Ngati bambo anu, mai anu kapena mbale wanu wa bere limodzi ali nayo nthendayi, kapena adagwa ndi sitiroko asanakalambe, inunso muli pafupi nayo. Izi ziri tero kwa mitundu yonse, ndipo mbiri ya banja lanu iuza dotolo zambiri kuposa khungu lanu.

Chachiwiri ndi mchere. Ambiri a ife a mu Africa tiri ndi impso zosunga mchere. Mchere ukatsalira m'thupi ukoka madzi, madziwo achulukitsa magazi, ndipo mphamvu ija ikwera. Anthu awiri akhoza kudya mbale imodzi, wina magazi ake osasuntha, wina n'kukwera. Mu 2003 Professor Brian Rayner ndi anzake a pa University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur adapeza kanthu kena ka chibadwa, kotengera kwa makolo, kamene kachititsa impso kuumirira mchere koposa, ndipo kapezeka mwa anthu akuda ndi Makaladi a kuno. Koma kali mwa ochepa okha, osafika mmodzi mwa odwala khumi. Tsono taonani: ngati thupi lanu liri losunga mchere, ndiye kuti inu ndi amene mupindula koposa mukauchepetsa. Chimene anzake a bambo uja achiyesa chifukwa cholekera, ndicho chifukwa chenicheni cholimbikira.

Chachitatu ndi impso. Mu 2010 ofufuza adapeza kanthu kenanso ka chibadwa, kotchedwa APOL1, kamene mitundu yake yina iteteza munthu ku kaodzera, nthenda ya nchenche za kashembe imene tiidziwa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Koma munthu akatengera mtundu umenewo kwa bambo ndi kwa mai omwe, impso zake sizichedwa kuonongeka. Kanthuka kachuluka kwambiri ku West Africa, kwathu kuno n'kocheperapo, ndipo ku Ethiopia pafupifupi kulibe. Apa tiphunzira kuti "anthu akuda" si mtundu umodzi. Akatswiri a za chibadwa anena kuti anthu a mu Africa asiyana okhaokha kuposa momwe asiyanira anthu a maiko ena onse. Mchewa, Mxhosa, Msomali wa pa spaza ndi Mnaijeriya wometa tsitsi, onse ayenda mu msewu umodzi wa ku Wallacedene, koma kuwaika m'thumba limodzi ndi ulesi wa maganizo.

Chachinai ndi mankhwala. Mapiritsi a nthendayi ali a mitundu ingapo, ndipo si onse agwira mofanana pa ife. Mu 2019 adatuluka mayeso amene adatsogolera Dr Dike Ojji wa ku Abuja, pa odwala 728 a m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, mwa iwo South Africa ndi Mozambique. Adapeza kuti piritsi lotchedwa amlodipine, likaphatikizidwa ndi lina, litsitsa magazi bwino kuposa kuphatikiza kopanda ilo. Kwadziwikanso kuti mapiritsi a gulu la enalapril, akamwedwa okha, sagwira kwambiri pa anthu akuda ambiri, ndipo pa ena ochepa atupitsa milomo ndi lilime. Zikakuchitikirani zotero thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo. Mai woyembekezera, kapena wofuna kuima, auze anesi, chifukwa gulu limeneli si labwino kwa mwana wa m'mimba. Choncho chibadwa chithandiza dotolo kusankha piritsi loyenera. Sichinena kuti piritsi n'lachabe.

MOYO WA KU WALLACEDENE

Tsono tiyang'ane moto uja. Wallacedene idayamba m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene malamulo a pasi anali kutha, ndipo anthu adamanga zisakasa za malata ndi matabwa pa mchenga umene udzala madzi nthawi ya mvula ya dzinja la kuno. Dzina la malowa lidziwika kwa ophunzira malamulo pa dziko lonse chifukwa cha mai Irene Grootboom, amene pamodzi ndi anzake mazana angapo adasumira Boma pa nkhani ya nyumba. Bwalo lalikulu la Constitutional Court lidagamula mlanduwo mu October 2000, kuti Boma liyenera kukonza njira yothandizira anthu osowa pogona, koma maiwo adamwalira mu 2008 akali m'chisakasa. Chiyambire apo nyumba za njerwa zamangidwa zambiri, koma abale athu ochuluka achita lendi tizipinda ta kuseri kwa nyumbazo, anai kapena asanu m'kachipinda kamodzi.

Munthu wokhala motero adya bwanji? Adzuka mdima ulipo kuti apeze thiraki ya ku famu kapena tekisi ya ku Bellville. M'mawa ndi buledi ndi poloni. Masana ndi magwinya, chipisi chowazidwa mchere, soseji ya Russian, ndi botolo la zozizira. Madzulo afika atatopa, aphika nsima, ndipo ndiwo zake ndi mapazi a nkhuku kapena supu wa m'paketi, aponyamo kyubu ya Knorrox, awazamo Aromat, kenaka athiranso mchere wa m'dzanja. Ziri zonse mwa izi ziri ndi mchere wake kale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya zogula. Anthu ambiri pa dziko lapansi adya kuwirikiza kawiri.

Boma la South Africa lidaona bvuto limeneli, ndipo mu 2013, pamene Dr Aaron Motsoaledi anali nduna ya za umoyo, lidaika lamulo lochepetsa mchere mu buledi, majarini, supu wa m'paketi, nyama zokonzedwa ndi zina. Lamulolo lidayamba kugwira nchito mu June 2016, nalikhwimitsanso mu 2019. Ofufuza adapeza pambuyo pake kuti mchere umene anthu adya udatsikako ndi galamu imodzi ndi pang'ono pa tsiku. Ndi chinthu chabwino, koma lamulo silingagwire dzanja lanu pa mphika.

Onjezanipo mowa wa Loweruka ndi Lamulungu, fodya, kunenepa kumene ife tikuyesa chizindikiro chakuti Joni yatiyanja, tulo tochepa, ndi nkhawa zosatha: lendi, mapepala, akuba a pa njira, moto wa m'zisakasa, ndi foni ya kumudzi yopempha fizi ndi feteleza. Munthu wa mtundu uli wonse mutamuika m'moyo wotere, magazi ake sangakhale chete.

NANGA AGOGO AJA?

Funso lachiwiri la bambo wathu layankhika lokha. Agogo ake anali kulima ndi khasu, kuyenda pansi mitunda yaitali, ndipo thupi lao linali lopepuka. Ndiwo zao zinali nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, nyemba ndi nandolo; pambali pake mbatata, maungu ndi nthochi. Zakudya zimenezi ziri ndi mchere wina wa chilengedwe wotchedwa potaziyamu, umene uthandiza impso kutaya mchere wa m'sitolo ndi kufewetsa mitsempha. Mchere wogula unali wosowa ndi wodula, wothira mosamala. Udzu unalipo, koma moto panalibe.

Tisaiwalenso kuti kumudzi kunalibe makina oyezera, ndipo munthu akagwa mwadzidzidzi ndi kufa mbali imodzi, anthu anali kuthamangira kwa woombeza kukafuna amene wam'menya ndi hamala ya ufiti. Mabanja ambiri adadana chifukwa cha mtsempha wophulika.

Ndipo lero kumudzi si kwa kale. Mu 2009 Unduna wa za Umoyo ku Malawi, mothandizana ndi WHO, udayeza anthu a zaka 25 kufikira 64 m'dziko lonse, nupeza kuti mmodzi mwa atatu magazi ake anali okwera, a m'midzi ndi a m'tauni omwe, ndipo oposa asanu ndi anai mwa khumi a iwo sanali pa mankhwala ali onse. Chifukwa chake musaganize kuti mukadzabwerera kwanu nthendayi idzatsala pa Beitbridge.

CHOCHITA

Kwa bambo wa ku Mangochi, ndi kwa inu nonse, malangizo anga ndi awa.

Kayezetseni, ngakhale simumva kanthu. Ku Wallacedene kuli kiliniki, ku Kraaifontein kuli chipatala cha Boma, ndipo masitolo ambiri a mankhwala ayeza pa mtengo wochepa. Kuyezako sikutenga mphindi zisanu. Munthu wamkulu ayezetse kamodzi pa chaka, ndipo amene m'banja mwao muli nthendayi asadikire zaka 40. Lembani manambala anu m'kabuku. Malamulo akulu a dziko lino, pa gawo 27, anena kuti munthu ali yense ali ndi ufulu wofika ku chithandizo cha chipatala, ndi kuti wodwala mwakayakaya asabwezedwe.

Mukapatsidwa mapiritsi, imwani tsiku liri lonse, pa nthawi imodzimodzi. Mapiritsiwa sachiza monga achitira a malungo. Agwira nthendayo pakhosi, ndipo mukawaleka iuka. Ena mwa amene agonekedwa ku Tygerberg ndi ku Karl Bremer atafa ziwalo ndi anthu amene adayamba bwino, naleka poona kuti apeza bwino. Piritsi likakubvutani, monga kutupa akakolo kapena kutsokomola kouma, musalitaye mwakachetechete. Bwererani mukanene, adzakusinthirani. Musabwereke mapiritsi a mnzanu. Popita kumudzi pa tchuthi pemphani okwanira ulendo wonse, ndipo khadi lanu la ku kiliniki liyende m'thumba limodzi ndi pasipoti, kuti a chipatala cha kwanu akaone chimene mumwa.

Pa mphika, sankhani chimodzi: kyubu kapena mchere, osati zonse ziwiri, ndipo pa tebulo pasakhale mchere. Lilime lidandaula milungu iwiri kapena itatu, kenaka lizolowera. Tomato, anyezi, adyo, tsabola ndi nsinjiro zikometsa ndiwo popanda choopsa. Kabichi, sipinachi ndi nyemba sizidula kuposa poloni. Usipa wouma umene utumizidwa pa basi muyambe mwauviika ndi kutaya madzi ake. Inu ophikira pamodzi, gwirizanani, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangaleke mchere pa mphika wa anthu asanu.

Chepetsani mowa, lekani fodya. Chenjerani ndi mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amene ambiri amwa ngati mtedza chifukwa cha msana. Akweza magazi ndi kupweteka impso. Pemphani kuti akuyezeni mkodzo ndi shuga kamodzi pa chaka.

Ndipo mukaona mnzanu kamwa yapotoka, mkono walefuka, kapena mau alikutuluka mosamveka, musam'goneke kuti apume, musayambe mwaimba foni kumudzi kufunsa amene wam'chita. Pezani galimoto nthawi yomweyo, pakuti pa sitiroko ola liri lonse lipulumutsa kapena kutaya mbali ya ubongo.

Tonse tidadza kuno kudzafuna malata a nyumba, fizi ya ana ndi kampamba ka geni. Zimenezi zifuna munthu wamoyo, wa manja awiri ogwira. Mabungwe athu a maliro adziwa mtengo wonyamula bokosi kuchokera ku Cape Town kukafika ku Malawi, ndipo mabanja adziwa kulemera kwa kusamala bambo amene adapita ndi miyendo yake nabwera pa mpando. Makolo sitisankha, koma za mu mphika ndi za pa khadi la ku kiliniki ziri m'manja mwathu.

Mlungu wa mawa tidzakamba za nthenda ya shuga, imene iyenda ndi inzakeyi ngati mapasa. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Akonzi monga mwa masiku onse, ndipo amene mudziwa kuwerenga muwawerengere anzanu. Tsalani bwino.

Ine wanu,
MLANGIZI